"Mubwere Lachisanu": Ululu wa malipiro ochedwa m'Chigwa cha Shire

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli antchito amene amagwira mwezi wathunthu, koma tsiku lolandira likafika amapatsidwa malonjezo. Lamulo lili kumbali yawo. Chimene chikusowa n'chakuti alidziwe, aligwiritse ntchito, ndiponso kuti amene ali ndi mphamvu alilemekeze.

Tsiku la malipiro pa Nchalo silisowa wolilengeza. Akabaza amachuluka mumsewu wa M1, ogulitsa kaunjika amatsegula mabelo atsopano, pamabenchi a nyama ya mbuzi pamakhala mzere, ndipo maejenti a Airtel Money ndi Mpamba ndalama zimawathera dzuwa lisanapendeke. Ndalama imene wodula nzimbe walandira m'mawa imakhala itafika kwa landilodi, kuchigayo, kwa mayi wogulitsa mlamba wouma ndi kwa telala usiku usanagwe. Malipiro a munthu mmodzi amadyetsa makomo ambiri amene iye mwini sawadziwa n'komwe.

Koma m'chigwa chomwechi muli ena amene tsiku limeneli limangowadutsa. Ndi alonda olembedwa ndi makampani achitetezo, aphunzitsi a m'sukulu zina zapulaiveti, atsikana ogwira ntchito zapakhomo, abusa a ng'ombe, anyamata a m'zigayo ndi m'mashopu, ogwira ntchito m'nyumba zogona alendo, komanso amisiri ndi othandizira awo olembedwa ndi makontirakitala ang'onoang'ono. Iwowa akafika pakhomo la ofesi amamva mawu amene anawaloweza kale: cheke sichinasainidwe, abwana ali ku Blantyre, amene timawagwirira ntchito sanatilipire, netiweki yavuta, mubwere Lachisanu. Lachisanulo likafika limabala Lachisanu lina.

Kope la ku okala

Kuti timvetse kulemera kwa nkhaniyi, tiyenera kuyang'ana m'kope lakuda ndi thukuta limene limakhala pansi pa kauntala m'maokala ambiri a ku Ngabu, Bangula kapena pa Dyeratu. Tsamba lililonse lili ndi dzina la banja. Pansi pake pali mndandanda: sopo, mchere, mafuta oyeza a m'kapepala, machesi, shuga wa theka. Mwini okala amalola ngongole chifukwa akudziwa kuti bamboyo ali pantchito ndipo pa 30 abweza. Pa 30 pakadutsa amaleza mtima. Pofika pa 10 mwezi winawo nkhope yake imasintha, ndipo mwana akatumidwa kukatenga mchere amabwerako chimanjamanja ndi uthenga woti bambo ake abwere okha.

Kuyambira pamenepo zinthu zimagwa motsatana. Mwini nyumba amayamba kugogoda m'mamawa. Mwana wa kusekondale amabwezedwa chifukwa cha fizi. Mayi wa m'nyumbamo, amene ali m'gulu la banki m'khonde, amalephera kuponya masheya, ndipo chindapusa chimayamba kuwerengedwa. Mbuzi imene ankasungira tsiku la matenda kapena maliro imapita kumsika pamtengo wolira, pakuti ogula amamuona msanga munthu amene wapanikizika. Pomaliza bamboyo amagogoda kwa wakatapila, amene amafuna theka la ndalamayo pamwamba, mwinanso kuwirikiza, ndipo kawirikawiri amasunga khadi la kubanki kapena chiphaso cha unzika ngati chikole.

Tsono malipiro aja akadzabwera patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, abwana amati, "Si izi takupatsani zonse?" Zoona, nambala yake ndi yomweyo. Koma ndalamayo si yomweyo ayi. Gawo lapita kwa wakatapila, gawo ku chindapusa, mbuzi yapita, ndipo mitengo ya zinthu sinadikire. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Izi zinachitika kwacha itatsitsidwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Munthu amene malipiro ake a Okutobala 2023 anawalandira mu Januwale 2024 anapeza kuti thumba la chimanga, sopo ndi thiransipoti zonse zamuthawa.

Apa ndiye pagona nkhani. Bwana akachedwetsa malipiro amakhala kuti wabwereka ndalama kwa wantchito wake, mosapempha, popanda tsiku lobweza, ndiponso popanda chiwongoladzanja. Akanapita kubanki akanalipira chiwongoladzanja chokwera. M'malo mwake chiwongoladzanjacho akuchilipira mlonda kwa wakatapila. Wosauka ndiye akusenza bizinesi ya wolemera.

Chigwa chopanda kothawira

Vutoli lili ponseponse m'Malawi, koma m'Chigwa cha Shire limaluma mwapadera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje. Ntchito zolembedwa zokhazikika n'zochepa poyerekeza ndi chiwerengerochi: esiteti ya shuga ya Illovo ku Nchalo, minda ya nzimbe ya alimi monga Kasinthula ndi Phata, maofesi a boma, zipatala, sukulu, malo osungira nyama zakutchire a Majete, Lengwe ndi Mwabvi, ndiponso ntchito za zomangamanga zimene zimabwera n'kupita. Pageti lililonse pamene pamveka mphekesera ya ntchito pamakhala anthu ambiri odikira. Wantchito amadziwa kuti akadandaula mokweza mawu, wina ali panja wokonzeka kuvala yunifolomu yake mawa lomwe.

Kumadera ena wantchito malipiro akachedwa amadalira nkhokwe. Kuno nkhokweyo ndi yosadalirika. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anakokolola midzi ndi minda, ndipo dera la Makhanga linasanduka chilumba. Mu Marichi 2019 kunabwera mvula yoopsa ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima. Mu Marichi 2023 kunabwera Freddy. Chaka chotsatira kunali ng'amba ya El Niño, moti mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 ali pangozi. Banja limene lataya mapira, mchewere ndi chimanga cha kudimba kangapo m'zaka khumi lilibe pogwira pena kupatula malipiro a yemwe ali pantchito. Malipirowo akachedwa, anthu amalowa m'madambo kukazula nyika, m'madzi momwe muli ng'ona, kapena amatsikira kukuotcha makala, mitengo imene ikanatchinga madzi n'kumatha.

Ndiye pamene bwana ali mu ofesi yake akuganiza kuti wangosuntha tsiku pakalendala, kumudzi wasuntha zambiri: chakudya cha ana, mankhwala a agogo, mbewu ya kudimba imene inayenera kugulidwa chinyezi chisanauma.

Bala lakale

Kugwiritsa munthu ntchito n'kumuzunguza pa malipiro si chinthu chachilendo m'dziko muno. M'nthawi ya atsamunda kunali thangata, pamene anthu okhala m'minda ya azungu ankagwira ntchito m'malo mwa lendi, ndipo madandaulo a kusalipidwa moyenera anali m'gulu la zinthu zimene zinakwiyitsa anthu a ku Magomero pa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. M'minda ya fodya, matenanti ankadikira chaka chonse kuti alandire, kawirikawiri n'kuuzidwa kuti ngongole ya chakudya yameza zonse. Mchitidwe umenewu Nyumba ya Malamulo inauthetsa mu 2021 posintha lamulo la zantchito.

Chigwachi chili ndi mbiri yakeyake ya ntchito. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lofotokoza za ntchito ndi ulimi m'chigwa cha Tchiri (Shire), analemba za magulu a achinyamata otchedwa nomi, amene ankalima m'minda ya anthu kuti alipidwe, n'kudzachita chikondwerero ndi zimene apeza. Pa ntchito za m'mudzi zoterezi, wolemba ganyu ndi wogwira ganyu amatunga madzi pachitsime chimodzi ndipo amakumana pamaliro amodzi. Munthu wokana kulipira amasowa poika nkhope, ndipo nyakwawa ili pafupi. Chimene chasintha lero n'chakuti mwini ndalama nthawi zambiri saoneka. Ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo amene wantchito amakumana naye ndi kapitawo kapena kalaliki, amenenso mwina sanalandire.

Ngakhale boma, limene linayenera kukhala chitsanzo, lili ndi mlandu. Mu Juni 2017 aphunzitsi m'dziko lonse, motsogozedwa ndi Teachers Union of Malawi, ananyanyala ntchito chifukwa cha ndalama zawo za tchuthi zimene zinachedwa, ndipo ana asukulu anakhamukira m'misewu. Mu 2022 boma linaimitsa ntchito za ADMARC, bungwe limene misika yake alimi a thonje a m'chigwachi akhala akuidalira kwa zaka zambiri, antchito ake n'kutumizidwa kunyumba, kenako ambiri n'kuchotsedwa ntchito. M'makhonsolo ambiri, antchito amene amalipidwa kuchokera ku ndalama zotoleredwa m'misika ndi m'malayisensi, monga osesa, alonda ndi odula matikiti, akhala akudandaula za malipiro a miyezi ingapo. N'zowawa kuti munthu amene tsiku lonse akutolera ndalama za khonsolo padzuwa la Okutobala apite kunyumba wopanda yogulira ndiwo.

Zifukwa za mabwana

Tisanamizane, si bwana aliyense wochedwetsa malipiro amene ali ndi mtima woipa. Kontirakitala wamng'ono amene wamanga buloko ya sukulu kapena kalavati amatha kudikira miyezi kuti boma limulipire. Mwini sukulu yapulaiveti amadalira fizi ya makolo amene nawonso madzi anawakokololera mbewu. Kampani ya alonda imadikira kasitomala wake. Ngongole imatsika kuchokera pamwamba mpaka kukafika kwa munthu wotsiriza, amene alibe wina woti amukankhire.

Komabe funso loti tifunse ndi lakuti: ndalama zochepazo zikapezeka, amayamba kulipidwa ndani? Kawirikawiri mafuta a galimoto amagulidwa, ngongole ya kubanki imabwezedwa chifukwa banki imalanda katundu, ogulitsa simenti amalipidwa chifukwa angaleke kupereka, maalawansi a misonkhano amatuluka. Wantchito amaikidwa kumapeto chifukwa ndi yekhayo amene sangalande kanthu. Kumeneko si kusowa ndalama kokha, ndi kusankha. Ndipo kuchedwa kukachitika mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu, sikukhalanso ngozi. Kwasanduka njira yoyendetsera bizinesi.

Bwana woona mtima amaoneka ndi zochita. Amaitana antchito tsiku lisanafike, amafotokoza vuto, amapereka gawo la ndalama, amatchula tsiku lenileni la zotsalazo ndipo amalisunga, komanso iye mwini amadzimana. Wongonena kuti pepani mwezi uliwonse akumbukire kuti pepani sapoletsa chilonda.

Zimene lamulo likunena

Antchito ambiri amaona ngati kulandira pa nthawi yake ndi chifundo cha abwana. Ayi, ndi ufulu. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la zantchito la Employment Act la mu 2000 limafotokoza mwatsatanetsatane. Gawo 50 limati wolembedwa pa mwezi alandire kosachepera kamodzi pamwezi, ndipo wolipidwa pa ola, pa tsiku, pa sabata kapena potengera ntchito imene wagwira asadikire kupitirira sabata imodzi kapena ziwiri. Gawo 51 limalamula bwana kupereka pesilipi yosonyeza malipiro ndi zonse zimene zadulidwa. Gawo 53 limati ntchito ikatha, zonse zimene munthu ayenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7.

Palinso mfundo zitatu zimene wantchito aliyense ayenera kuzisunga pamtima. Yoyamba, gawo 57 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chakuti wakadandaula kapena wasumira bwana wake. Yachiwiri, gawo 60 limati ngati khalidwe la bwana lafika poti munthu sangathe kupitiriza ntchito, akhoza kusiya ndipo khoti lingaone ngati kuti wachita kuchotsedwa. Kusalipidwa mobwerezabwereza ndi nkhani imene munthu angaitengere kukhoti pansi pa gawo limeneli, koma ndi bwino kufunsa uphungu asanatule pansi ntchito. Yachitatu, kampani ikagwa, lamulo limaika malipiro a antchito patsogolo pa ngongole zina.

Malipiro ochepetsetsa nawonso ndi lamulo. Anali K50,000 pamwezi kuyambira mu 2021, anakwera kufika pa K90,000 mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 mu 2025, pamene antchito apakhomo ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Ndalama zimenezi n'zosakwanira kale ngakhale zitabwera pa tsiku lake. Ndipo pali bala lina lobisika: penshoni. Lamulo limafuna kuti bwana aike 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo zitumizidwe ku kampani yosunga penshoni. Bwana amene akuvutika kulipira malipiro nthawi zambiri amakhalanso akudula 5 peresenti ija osaitumiza. Wantchito amadzazindikira tsiku lopuma, mochedwa. Choncho ndi nzeru kupempha sitetimenti ya penshoni chaka chilichonse, ndipo ngati palibe chimene chikulowa, nkhaniyo ipite ku Banki Yaikulu, imene imayang'anira za penshoni.

Wantchito ayambire pati?

Choyamba ndi kope ndi cholembera. Milandu yambiri ya antchito imagwa chifukwa chosowa umboni. Munthu alembe tsiku limene anayamba ntchito, malipiro amene anagwirizana, masiku amene wagwira, tsiku limene anayenera kulandira ndi tsiku limene analandiradi, ndi ndalama zingati. Asunge kalata yolembedwera ntchito, mapesilipi, mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zolowa, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp amene kapitawo analonjeza za Lachisanu. M'dera limene madzi amalowa m'nyumba usiku, mapepala amenewa akhale m'jumbo lomanga bwino pamodzi ndi ziphaso, ndipo ngati pali foni ya kamera, awajambule. Amene sadziwa kulemba apemphe mwana wasukulu kapena mnzake. Ndipo munthu asasaine pepala lonena kuti walandira zonse pamene walandira theka.

Chachiwiri, asapite yekha. Mutu umodzi susenza denga. Wodandaula yekha amatchedwa wovuta, koma anthu khumi ndi asanu osaina kalata imodzi ndi ovuta kuwachotsa tsiku limodzi. Kalatayo ikhale yaulemu ndi yachindunji: miyezi yakuti sitinalandire, ndalama zake ndi zakuti, tikupempha kuti mutiuze molemba tsiku limene mutilipire. Kope lina la kalatayo lisungidwe. Kumene kuli mgwirizano wa antchito, monga SPAWUM ya ogwira ntchito m'minda ndi m'mafakitale a shuga, kapena mabungwe ena a pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, nkhani idutse kumeneko. Si mwangozi kuti malo amene ali ndi mgwirizano wamphamvu ndi amenenso tsiku la malipiro limalemekezedwa.

Chachitatu ndi ku leba. Ofesi ya zantchito ya boma ili ndi mphamvu, pansi pa gawo 64, yomva dandaulo, kuitana bwana ndi kuyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Nkhani zambiri zimathera pomwepo, chifukwa bwana amene ankanyoza mlonda amasintha mawu akalandira kalata ya chidindo cha boma. Mgwirizano uliwonse wopangidwa kumeneko ulembedwe, ndi masiku ake olipira. Zikakanika, ofesiyo imapereka kalata yopita nayo ku Industrial Relations Court, khoti la zantchito limene linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko lino, ndipo munthu akhoza kudziyankhulira yekha popanda loya. Osowa ndalama angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo ogwira ntchito m'boma ndi m'makhonsolo angathenso kudandaula kwa Ombudsman. Chofunika n'kusazengereza, pakuti nkhani ikagonera umboni umatayika ndipo kontirakitala amasamuka.

Pali zinthu ziwiri zoti munthu apewe ngakhale mtima utawawa chotani. China ndi kudzilipira yekha potenga katundu wa abwana, kaya simenti, dizilo kapena mbuzi. Tsiku lomwelo wolakwiridwa amasanduka wakuba, ndipo nkhani ya malipiro imaiwalika. Chinanso ndi sitalaka yongodzukira. Kunyanyala ntchito kuli ndi ndondomeko yake m'malamulo, ndipo kusintha kwa lamulo kwa mu 2021 kunapatsa mabwana mphamvu yodula malipiro a masiku onyanyala akapitirira atatu pachaka. Mkwiyo ndi womveka, koma uyende m'njira imene singapatse bwana chifukwa.

Amene ali ndi mphamvu achitepo kanthu

Kungouza wantchito kuti adziwe ufulu wake sikokwanira ngati njira yopita ku chilungamo ili yotalika kuposa thumba lake. Munthu wa ku Marka, ku Muona kapena kwa Chapananga, amene sanalandire miyezi itatu, ndalama yokwerera minibasi mpaka ku Boma, kenako kukwera phiri la Thabwa kupita kukhoti ku Blantyre, mwina kangapo mlandu ukamaimitsidwa, aitenga kuti? Ambiri amangosiya, ndipo mabwana osakhulupirika amawerengera zimenezo. Khoti la zantchito liyenera kumabwera kudzamva milandu ku Chikwawa ndi ku Nsanje pa masiku odziwika. Maofesi a leba apatsidwe njinga zamoto ndi mafuta kuti aziyendera malo antchito ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi tsidya la kum'mawa kwa Shire, osati kumangodikira odandaula.

Chigwachi chikulandira ntchito zikuluzikulu. Pulojekiti ya Shire Valley Transformation Programme, yothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, ikukumba ngalande yochokera ku Kapichira yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Njanji ya Marka kupita ku Bangula yakhala ikukonzedwanso. Ntchito zoterezi, pamodzi ndi makampani aakulu ndi mabungwe othandiza anthu, zimalemba makontirakitala, amenenso amalemba anzawo ang'onoang'ono. Aliyense wopereka kontirakiti aike lamulo losavuta: usanalandire gawo lotsatira la ndalama, onetsa umboni woti antchito ako analipidwa mwezi watha ndipo penshoni yawo inatumizidwa. Wolephera kawiri asapatsidwenso ntchito. Boma nalo lilipire makontirakitala ake pa nthawi yake, ndipo makhansala a Chikwawa ndi Nsanje, pokambirana bajeti, ayambe afunsa ngati osesa mumsika ndi alonda a khonsolo alandira asanavomereze alawansi ya msonkhano uliwonse.

Nkhaniyi ikukhudzanso ife amene tili ndi wantchito mmodzi yekha pakhomo: wolera ana, woweta ng'ombe, wolima kudimba. Ambiri a ife timapemphera, ndipo tikudziwa kuti mabuku a Levitiko, Deuteronomo ndi kalata ya Yakobo amadzudzula mwamphamvu kusunga malipiro a waganyu, monganso chiphunzitso cha Chisilamu chimalimbikitsa kulipira wantchito mwamsanga. Mafumu, abusa ndi mashehe alankhule za tchimo limeneli poyera monga amalankhulira za kuba, pakuti kusiyana kwake n'kochepa. Amene sangathe kulipira munthu pa tsiku limene anagwirizana asamulembe ntchito, ndipo amene wamulemba kale ayambe walipira iyeyo asanagule china chilichonse.